Maina aulemu a mtundu wa Rajput ku India: matanthauzo ndi mbiri yake

Pa 25 November 2024, akuluakulu a mtundu wa Rajput anasonkhana pa linga lakale la Chittorgarh m'cigawo ca Rajasthan ku India, kudzalonga ufumu a Vishvaraj Singh Mewar, amene atate awo anamwalira mwezi womwewo. Mmodzi wa mafumu aang'ono, wodziwika ndi dzina laulemu lakuti Rawat wa ku Salumbar, anadziceka cala ndi lupanga napaka magaziwo pamphumi pa wolowa ufumuyo, monga mwa mwambo wa makolo. Kuyambira pamenepo owatsatira anayamba kuwachula kuti Maharana wa nambala 77 wa Mewar. Usiku wa tsiku lomwelo kunabuka cipolowe pa zipata za nyumba yacifumu mu mzinda wa Udaipur, popeza nthambi ina ya banja lomwelo, imene inali kuyang'anira nyumbayo, inakana kuwatsegulira, mpaka apolisi analowererapo.

Dzina lakuti Maharana lilibe mphamvu iliyonse m'malamulo a India kuyambira caka ca 1971. Mwini wake salamulira dziko, saweruza milandu ndipo satolera msonkho. Komabe anthu akali kulilimbirana, cifukwa pakati pa a Rajput dzina laulemu limafotokoza banja limene munthu anabadwiramo, dera limene makolo ake analamulira, ndi malo ake pakati pa abale ake.

Kodi a Rajput ndani?

Liwu lakuti Rajput linacokera ku liwu la cinenero cakale ca Sanskrit lakuti rajaputra, kutanthauza mwana wa mfumu. Ku India anthu akhala akugawidwa m'magulu molingana ndi kubadwa, dongosolo limene pa Cingerezi limachedwa caste. A Rajput amadziwerengera m'gulu la Kshatriya, limene nchito yake inali kulamulira ndi kumenya nkhondo. Kwawo kwenikweni ndi Rajasthan, dera limene Angerezi anali kulichula kuti Rajputana, koma amapezekanso ku Gujarat, Madhya Pradesh, Uttar Pradesh, Bihar, m'mapiri a Himalaya, ndiponso ku Pakistan, kumene ambiri a iwo ndi Asilamu.

Mtunduwu uli ndi mafuko ambiri, ndipo miyambo yawo imawaika m'mizere ikuluikulu itatu: Suryavanshi, amene amati anacokera ku dzuwa, Chandravanshi, ocokera ku mwezi, ndi Agnivanshi, ocokera ku moto. Fuko la Sisodia linalamulira Mewar, la Rathore linalamulira Jodhpur ndi Bikaner, la Kachhwaha linali ku Amber ndi Jaipur, la Bhati ku Jaisalmer, la Hada ku Bundi ndi Kota, pomwe la Jadeja linali ku Kutch ndi Nawanagar. Dzina la fuko ndi losiyana ndi dzina laulemu. La fuko munthu amabadwa nalo ndi kufa nalo, pomwe laulemu limasintha udindo wake ukasintha.

Maina a olamulira

Dzina lofala koposa ndi Raja, kutanthauza mfumu. Liwu lakuti maha limatanthauza cacikulu, motero Maharaja ndi mfumu yaikulu. Koma nyumba zambiri zacifumu zinali ndi dzina lawolawo, ndipo munthu wodziwa mwambo akangomva dzinalo anali kudziwa ufumu umene ukunenedwa.

Rawal ndi limodzi la maina akale kwambiri. Mafumu oyamba a Mewar anali kuchedwa motero, kuyambira pa Bappa Rawal wa zaka za m'ma 700. Rawal Jaisal ndiye anakhazikitsa Jaisalmer mu 1156, ndipo olamulira a Jaisalmer, Dungarpur ndi Banswara pambuyo pake anadziwika kuti Maharawal.

Rana, ndi dzina lake lalikulu lakuti Maharana, limayenderana kwambiri ndi Mewar. Mu 1303 Alauddin Khalji, wolamulira wa Delhi, analanda Chittor, ndipo mzere wa a Rawal unathera pomwepo. Amene anadzabwezeretsa ufumuwo anali Hammir, wa nthambi yaing'ono ya banjalo yocokera m'mudzi wa Sisoda, imene atsogoleri ake anali kuchedwa Rana. Motero dzina la nthambi yaing'ono linasanduka dzina la mpando. Wochuka koposa pa mzerewu ndi Maharana Pratap, amene anakana kugonjera mfumu Akbar ya ufumu wa Mughal namenyana ndi asilikali ake pa nkhondo ya Haldighati mu 1576. Olamulira a Mewar anali kudzichulanso kuti Diwan, kapena kuti nduna, ya mulungu wawo Eklingji, posonyeza kuti mwini dziko weniweni ndi mulunguyo ndipo iwo ndi omuyang'anirira cabe.

Rao linali dzina la atsogoleri oyamba a fuko la Rathore. Rao Jodha anamanga mzinda wa Jodhpur mu 1459, ndipo mwana wake Rao Bika anakhazikitsa Bikaner mu 1488. Olamulira a Kota, Sirohi ndi Kutch anali kuchedwa Maharao, pomwe wa Bundi anaphatikiza maina awiri nakhala Maharao Raja. Rawat linali dzina la mafumu aang'ono otsogola a ku Mewar, monga a Salumbar ndi Deogarh, ndipo wolamulira wa Pratapgarh anali Maharawat.

Ku Gujarat kunali maina enanso. Wolamulira wa Nawanagar, dera la mzinda wa Jamnagar, anali Jam Saheb. Mmodzi wa iwo, a Ranjitsinhji, amene anakhala pa mpando kucokera mu 1907 mpaka 1933, anaseweranso cricket m'timu ya dziko la England, ndipo mpikisano waukulu wa matimu a zigawo ku India, Ranji Trophy, uli ndi dzina lawo. Wowalowa m'malo, a Digvijaysinhji, amakumbukiridwa ku Poland cifukwa colandira mazana a ana a dzikolo othawa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Olamulira a madera monga Rajkot, Limbdi ndi Palitana anali kuchedwa Thakore Saheb.

Maina opatsidwa ndi olamulira akunja

Si maina onse amene anabadwira m'miyambo ya a Rajput. Kuyambira mu 1562, pamene Raja Bharmal wa Amber anapereka mwana wake wamkazi ku ukwati kwa Akbar, nyumba zambiri zacifumu zinayamba kutumikira mafumu a Mughal monga akazembe a nkhondo ndi oyang'anira zigawo. Mphotho ya utumikiwu inali malo, ndalama ndi maina.

Jodhpur ndi citsanzo cabwino. Olamulira ake anali a Rao mpaka mu 1583, pamene Akbar anaika Udai Singh pa mpando ndi dzina lakuti Raja. Mdzukulutuvi wake Jaswant Singh analandira dzina lakuti Maharaja kwa mfumu Shah Jahan. Ku Amber, Jai Singh woyamba anadziwika kuti Mirza Raja, ndipo Mirza linali liwu la Ciperisiya lochulira ana a mafumu ndi olemekezeka a ku bwalo la Mughal. Jai Singh waciwiri, amene anamanga mzinda wa Jaipur mu 1727, anapatsidwa dzina lakuti Sawai, kutanthauza cimodzi ndi kagawo kamodzi mwa magawo anai, kusonyeza kuti anali kuposa munthu wamba ndi kagawoko. Omutsatira onse anasunga dzinali, ndipo pamwamba pa mbendera ya banjalo pa nyumba yacifumu ya Jaipur pamapacikidwa kambendera kakang'ono kokumbutsa zimenezi.

Angerezi anapangana mapangano ndi maufumu ambiri a Rajputana mu 1817 ndi 1818. Mafumu anapitiriza kulamulira anthu awo koma anasiya nkhani za nkhondo ndi zakunja m'manja mwa Angerezi. Popeza maina monga Raja, Rana ndi Rao sanali kusonyeza bwino amene ali pamwamba pa mnzake, boma la atsamunda linagwiritsa nchito muyeso wina: ciwerengero ca mizinga yowombedwa polandira mfumu. Maufumu asanu okha m'dziko lonselo ndiwo anali kulandira mizinga 21, ndipo pakati pawo panali Jammu ndi Kashmir, wolamulidwa ndi a Rajput a fuko la Dogra. Maharana wa Udaipur anali kulandira 19. Jaipur, Jodhpur, Bikaner, Bundi, Kota ndi Kutch anali ndi 17, Jaisalmer 15, ndipo Nawanagar 13. Mfumu ya mizinga 11 kapena kuposerapo ndiyo inali kuloledwa kuchedwa His Highness. Kuwonjezera kapena kucotsa mizinga inakhala njira yothokozera kapena kulangira mfumu.

Thakur ndi eni malo

Pansi pa wolamulira panali abale ake ndi atsogoleri a nkhondo amene anapatsidwa midzi yoti aziidyera. Malo otere anali kuchedwa jagir kapena thikana, ndipo mwini wake kawirikawiri anali Thakur, kutanthauza mbuye. Thakur anali kutolera gawo la zokolola kwa alimi, kuweruza milandu ing'onoing'ono, ndi kupereka asilikali okwera pa akavalo mfumu ikaitana. Malowo anali kupita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo aang'ono ake anali kupatsidwa kadera kocepa kodzisamalira nako. Pakapita mibadwo ingapo, zidzukulu za ana aang'onowo zinali kukhala alimi wamba, ngakhale kuti zinali ndi magazi acifumu.

Ici ndico cifukwa cake a Rajput ambiri lero si ana a nyumba zacifumu koma alimi, asilikali, apolisi, aphunzitsi ndi ogwira nchito m'maofesi. Ku Uttar Pradesh ndi madera oyandikana nako, liwu lakuti Thakur linafika potanthauza munthu aliyense wa mtundu wa Rajput, kaya ali ndi munda waukulu kapena ayi. Ku Gujarat liwu lakuti Darbar, limene poyamba linali kutanthauza bwalo la mfumu, limagwira nchito yofananayo, ndipo amuna olemekezeka amaitanidwa kuti Bapu.

Maina a m'banja

Maina amene ali ndi moyo kwambiri lero ndi a m'nyumba, ndipo amayenda motsatira mibadwo. Mutu wa banja ndi Thakur. Mwana wake wamwamuna ndi Kunwar, liwu locokera ku kumara, kutanthauza mwana wa mfumu, ndipo amakhalabe Kunwar malinga atate ake ali moyo, ngakhale iye atamera imvi. Mwana wa Kunwar, amene agogo ake aamuna akali moyo, ndi Bhanwar. Mutu wa banja akamwalira, maliro akatha abale amacita mwambo womanga nduwira pamutu pa mwana wamkulu. Pamenepo Kunwar amakhala Thakur, ndipo Bhanwar amakwera kukhala Kunwar. Motero mlendo akamva dzina laulemu la munthu amadziwa ngati atate kapena agogo ake alipo popanda kufunsa.

M'nyumba za olamulira, wolowa ufumu anali kuchedwa Yuvraj kapena Maharajkumar, ndipo m'maufumu a m'mapiri a kumpoto anali Tikka. Ana ena anali Rajkumar ndi Rajkumari. Ku Rajasthan abale aang'ono a wolamulira anali kudziwika kuti Maharaj, popanda cilembo ca a kumapeto, ndipo cilembo cimodzi cimeneci ndico cinali kusiyanitsa mwini mpando ndi mng'ono wake. A Rajput a nyumba zapamwamba za ku Jammu ndi Himachal anali kuchedwa Mian.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, mnyamata amaitanidwa kuti Banna ndipo mtsikana Baisa. Kamawu kakuti sa, kofupikitsa liwu lakuti saheb, kamawonjezedwa kumapeto kwa maina a acibale ndi akuluakulu posonyeza ulemu. Wamng'ono akaitanidwa ndi wamkulu amayankha kuti hukum, kutanthauza lamulo, ngati kunena kuti ali wokonzeka kumvera. Moni waulemu ndi Khamma Ghani.

Maina a akazi

Maina ambiri a akazi amatsata a amuna awo. Mkazi wa Raja kapena Rana ndi Rani, wa Maharaja ndi Maharani, wa Thakur ndi Thakurani, ndipo wa Kunwar ndi Kunwarani. Mai wa wolamulira, mwamuna wake atamwalira, amakhala Rajmata. Wochuka pa dzinali ndi Mai Gayatri Devi, amene anakwatiwa ndi Maharaja Man Singh waciwiri wa Jaipur mu 1940, anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo mu 1962, ndipo anadziwika kuti Rajmata amuna awo atamwalira mu 1970, mpaka imfa yawo mu 2009.

Ku Rajasthan akazi ambiri a mtunduwu amakhala ndi liwu lakuti Kanwar kumapeto kwa dzina, pomwe ku Gujarat amawonjezera ba. Popeza mwambo umaletsa kukwatirana m'fuko limodzi, mkazi wokwatiwa m'nyumba yacifumu anali kuitanidwa ndi dzina la fuko la atate ake. Mkazi wa fuko la Hada anali Hadi Rani, ndipo wa fuko la Bhati anali Bhatiyani. Mwanjira imeneyi dzina lake linali kukumbutsa onse za ubale umene ukwatiwo unamanga pakati pa maufumu awiri.

Singh ndi maina ogawana ndi mitundu ina

Dzina lakuti Singh linacokera ku simha, kutanthauza mkango. Pofika zaka za m'ma 1500 linali litafala pakati pa amuna a Rajput monga dzina lapakati, loikidwa patsogolo pa dzina la fuko. Ku Gujarat limalembedwa kuti sinh ndi kulumikizidwa ku dzina loyamba, monga mmene lilili m'dzina la Ranjitsinhji. Mu 1699 Guru Gobind Singh analamula amuna onse olowa m'gulu la Khalsa la cipembedzo ca Sikh kutenga dzinali mosayang'ana gulu limene anabadwiramo. Mitundu inanso yambiri ya kumpoto kwa India inalitenga, kotero kuti lero Singh payekha sasonyeza kuti munthu ndi Rajput.

N'cimodzimodzi ndi maina ena. Dzina la banja la wolemba ndakatulo wa ku Bengal, Rabindranath Tagore, ndi Thakur lomwelo mmene Angerezi analichulira, koma banjalo linali la gulu la Brahmin. Rao ndi lofala pakati pa a Maratha ndi anthu a kum'mwera kwa India. Wansembe wamkulu wa kacisi wa Badrinath amachedwa Rawal. Banja la Rana linalamulira Nepal kucokera mu 1846 mpaka 1951. Rao Bahadur ndi Rai Bahadur anali maina amene boma la Angerezi linali kupereka kwa aliyense wolitumikira bwino. Ku Pakistan, mabanja acisilamu a Rajput amaika Rana, Rao kapena Raja patsogolo pa maina awo, ndipo ku Umerkot m'cigawo ca Sindh, kumene Akbar anabadwira mu 1542 m'manja mwa Rana wa kumeneko, mtsogoleri wa Ahindu a fuko la Sodha akali kuchedwa Rana.

Zimene lamulo linasintha

India atalandira ufulu wodzilamulira mu 1947, munali maufumu oposa 560. A Vallabhbhai Patel ndi a V. P. Menon anatsogolera zokambirana zowalowetsa m'dziko latsopanolo. Mafumu anapereka ulamuliro wawo, ndipo boma linawalonjeza ndalama za caka ndi caka, nyumba zawo ndi kupitiriza kuzindikira maina awo. Cigawo ca Rajasthan cinakhazikitsidwa pa 30 March 1949, ndipo Maharaja wa Jaipur anakhala mtsogoleri wake waulemu ndi dzina lakuti Rajpramukh, pomwe Maharana wa Udaipur anapatsidwa lapamwamba lakuti Maharajpramukh.

Malamulo aakulu a dzikolo, amene anayamba kugwira nchito pa 26 January 1950, m'ndime 18 analetsa boma kupereka maina aulemu kupatula a usilikali ndi a maphunziro. Mu 1952 Rajasthan inakhazikitsa lamulo lolanda malo a jagir, ndipo mphamvu ya a Thakur pa alimi inayamba kutha. Mu 1970 boma la Mai Indira Gandhi linayesa kuthetsa ndalama za mafumu, koma bilu yake inalephera ndi voti imodzi m'nyumba yaciwiri ya malamulo. Boma linagwiritsa nchito cilengezo ca mtsogoleri wa dziko, koma khoti lalikulu koposa linacikana mu December caka comweco. Atapambana masankho a 1971, Mai Gandhi anabweretsa kusintha kwa nambala 26 kwa malamulo aakulu, kumene kunathetsa ndalamazo ndi kuzindikiridwa kwa mafumu. Khoti lalikulu koposa linavomereza kusinthaku mu 1993. Mu 2022 khoti lalikulu la Rajasthan linagamula kuti maina monga Raja ndi Maharaja asalembedwe patsogolo pa maina a anthu m'zikalata za makhoti ndi maofesi a boma.

Mainawa lero

Kunja kwa zikalata za boma mainawa akali kumveka. A Gaj Singh a ku Jodhpur, amene analowa ufumu mu 1952 ali ndi zaka zinai, anthu a mzindawo amawachulabe kuti Maharaja kapena Bapji, ndipo gawo la nyumba yawo ya Umaid Bhawan ndi hotela. Ku Jaipur a Padmanabh Singh analongedwa mwamwambo mu 2011 agogo awo atamwalira, ndipo amai awo, a Diya Kumari, anasankhidwa kukhala waciwiri kwa nduna yaikulu ya Rajasthan mu December 2023. A V. P. Singh, nduna yaikulu ya India kucokera mu 1989 mpaka 1990, anali kudziwika kuti Raja wa Manda. Pa zokopa alendo ndi pa ndale, dzina lacifumu likali ndi phindu.

Koma mainawa ali ndi mbali ina yowawa. Kwa anthu a magulu amene anali kuponderezedwa, makamaka a Dalit, liwu lakuti Thakur limakumbutsa masiku olimira mwini malo mokakamizidwa. Mu 2018 manyuzipepala a ku India analemba za a Dalit a ku Gujarat amene anaopsezedwa kapena kumenyedwa cifukwa cowonjezera sinh ku maina awo pa Facebook ndi pa makadi a ukwati. Palibe lamulo lopatsa mtundu umodzi dzina limeneli, ndipo malamulo aakulu a India amaletsa tsankho lotengera kubadwa. Ngakhale zili conco, m'midzi ina funso lakuti ndani ayenera kuchedwa mkango likali kuyambitsa ndewu, zaka zoposa 50 cicokereni pamene boma linafafaniza maina acifumu m'mabuku ake.